ALENDO ODZAONA MBALAME ANGOTIDUTSA PA MSEU

Aliyense wokhala m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata anazionapo galimoto zija zazitali, zosenza mahema ndi zigubu pa denga, zimene zimadutsa pa Sinda ndi pa Katete m'nyengo ya cilimwe. Zikaima ndiye kuti zifuna mafuta kapena nthoci, ndipo mphindi khumi zisanathe zapita. Ambiri a alendo a m'galimotozo amakhala pa ulendo wa ku cigwa ca Luangwa kukaona njobvu, mikango ndi mvuu. Koma pakati pawo pamakhala ena amene njobvu alibe nayo nchito kweni-kweni. Iwo anakwera ndeke kucokera ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, nalipira ndalama zimene mlimi wa thonje angazigwire patapita zaka zingapo, kuti adzaone mbalame basi.

Inde owerenga athu, mbalame. Sazidya, sazikola, satenga ngakhale nthenga imodzi. Munthu wotere amadzuka m'banda kuca, nabvala zobvala zosawala, napacika m'khosi magalasi oonera kutali. M'thumba amaikamo buku la zithunzi za mbalame ndi kabuku kena kolembamo. Akalowa m'thengo amayenda monyang'ama ngati mlenje, ndipo kawiri-kawiri amaima nji kuchera khutu, pakuti mbalame ya m'nkhalango imayamba kumveka isanaoneke. Akaiona amayang'anitsitsa mlomo wake, mcira, miyendo ndi maanga a m'mapiko, naifuna-funa m'buku, nalemba dzina lake, tsiku ndi malo. Mtundu umene sanauonepo cibadwire ndiwo cuma cake. Alipo ena amene m'kabuku kawo analembamo kale mitundu zikwi zingapo, ndipo kuti aonjezepo umodzi wokha amalolera kuoloka nyanja.

Kwa ife izi zioneka ngati masewera a anthu okhuta. Kapena ndi conco. Koma tisanaseke, tiyambe tamva cimene cimawakokera kuno.

Dziko la Zambia liri ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, monga linaonetsera buku lalikulu la mbalame za dziko lino limene analemba Robert Dowsett, Dylan Aspinwall ndi Françoise Dowsett-Lemaire mu 2008. Imodzi mwa izo, nkhwazi, takhala tikuiona pa mbendera yathu kuyambira pa 24 Okutobala 1964. Paki ya South Luangwa yokha iri ndi mitundu yoposa 400. Ofuna mbalame zosowa kopambana amapitirira mpaka kumpoto, ku mapiri a Nyika, kumene malire a Zambia ndi Malawi amadutsa pamwamba pa phiri lotalika kuposa mamita 2,000. Gawo la Zambia la paki imeneyo ndi laling'ono, masikweya kilomita 80 okha, ndipo mseu wofikako udzera m'Malawi. Kumeneko kuli nkhalango ya Chowo, ya mitengo yaitali yosayoyola masamba, kozizira ndi kwa nkhungu, kumene kumakhala mbalame zimene sizingapirire kutentha kwa kuno kunsi. Mlendo amapirira masiku pa mseu woipa kuti akaime m'nkhalango imeneyo m'mawa umodzi kapena iwiri.

Tsono nkhani iri apa. M'mabuku omwewo amene amatsogolera alendowa ku Luangwa ndi ku Nyika, muli dzina la malo a kwathu konkuno.

Bungwe la odziwa za mbalame la Zambian Ornithological Society, limene linayamba mu 1969 ndipo lero lichedwa BirdWatch Zambia, linasindikiza mu 2005 buku la Peter Leonard lochula malo 42 a m'dziko muno amene ali ofunika koposa pa moyo wa mbalame. Malo amenewa ali pa mndandanda wa dziko lonse lapansi umene umasungidwa ndi bungwe la BirdLife International. Muli maina akulu-akulu: Kafue, Bangweulu, South Luangwa, Nyika. Ndipo pakati pa maina amenewo muli Mapiri a Nyanje, kumwera kwa Sinda, kufupi ndi malire a Mozambique, m'dziko la Mfumu Nyanje, kumene a Dutch Reformed Church anamanga mishoni mu 1905. Si paki ai. Kulibe mpanda, kulibe cipata colipirirapo. Ndi mapiri a matanthwe ozingidwa ndi midzi ndi minda, kumene anyamata amadyetsa mbuzi ndi ng'ombe tsiku ndi tsiku.

Mbalame imene odzaona mbalame amaifuna m'mapiri otere Azungu amaicha Boulder Chat, kunena kuti mbalame ya m'matanthwe, ndipo dzina lake la m'mabuku a akatswiri ndi Pinarornis plumosus. Si yokongola ai. Ndi yakuda moderako ngati mwaye, yokulirapo pang'ono kuposa pumbwa, ya timadontho toyera m'mapiko ndi zoyera ku nsonga ya mcira. Simakonda kuuluka kutali. Imathamanga ndi kudumpha pamwamba pa miyala, nitukula mcira, nilowa m'mpata wa matanthwe, nitulukira kwina kumene simunayembekeze. Kulira kwake kuli ngati citseko ca dzimbiri kapena gudumu la wilibala losowa mafuta. Imadya tizirombo ndi tiabuluzi, ndipo cisa cake imamanga m'mng'alu kapena pansi pa thanthwe mvula ikamayandikira. Pa dziko lonse lapansi imapezeka m'kacigawo kamodzi kokha: ku Zimbabwe, kum'mawa kwa Botswana, kuno kum'mawa kwa Zambia, ndi mbali zina za Malawi ndi Mozambique. Munthu wa ku London kapena ku Nairobi akafuna kuilemba m'kabuku kake, palibe cina cimene angacite koma kubwera kumaiko amenewa.

Cimene mbalameyi imafuna si miyala yokha. Imafuna miyala ya pamthunzi, pamene mitengo ya miombo ndi mikuyu imayoyolera masamba m'mipata, pakuti m'zinyalala zonyowazo ndimo muli cakudya cake. Mitengo ikadulidwa matanthwe amatsala pomwepo, koma amatsala opanda mwini. Mapiri a mtundu womwewo tiri nawo ambiri: Mphangwe amene ayang'ana boma la Katete, ndi mapiri a ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, kumene Zambia, Malawi ndi Mozambique ayandikana ngati mafuwa.

Mlendo akabwera pa nyengo yake sangaone mbalame imodzi yokhayo. Pamene Acewa a maiko atatu asonkhana ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kabawi amakhala atafika kale, ndipo amai oweta nkhuku amadziwa zimenezi popanda wowauza. Mu Seputembala ndi Okutobala, miombo ikaphuka masamba ofiira, amafika lumbe uja wa nthenga ziwiri zazitali zoyera zolendewera ku mapiko, wocokera ku maiko a kumpoto kwa Congo kudzaikira mazira pansi, pa masamba ouma, popanda cisa. Kenaka anamzeze a ku Ulaya amayamba kundanda pa mawaya, ndipo mvula ikagwa timaona magulu a adokowe akuda a mimba yoyera, ocokera ku maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara, alikuyenda m'minda ndi m'madambo kutola ziwala, dzombe ndi nchembere zandonda. Aganyu amenewa salipidwa ngakhale ngwee imodzi.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sanali kudziwa kumene mbalame zawo zimapita nyengo ya cisanu, ndipo ena ophunzira ndithu anali kunena kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madziwe. Mu 1822 ku Germany, pafupi ndi mudzi wa Klütz, anaombera dokowe woyera amene anali ndi mkondo wa ku Africa wolasa m'khosi. Mbalameyo inauluka ulendo wonsewo ndi mkondowo, ndipo isungidwa mpaka lero pa yunivesite ya Rostock. Pambuyo pake anayamba kubveka mbalame timphete ta nambala ku miyendo. Namzeze amene anabvekedwa mphete ku Staffordshire m'dziko la England mu Meyi 1911 anapezeka ku Natal mu Disembala 1912. Motero mnyamata wa ku Kagoro kapena ku Nyanje akagwetsa namzeze ndi legeni, mwina wagwetsa kambalame kamene kaoloka nyanja ndi cipululu, kolemera ngati mabokosi awiri a macisi, kamene sikangakwane ngakhale mbamu ziwiri za nsima. Ndipo wina akapeza mbalame yakufa iri ndi mphete ku mwendo, asataye mpheteyo; nambala yake apereke kwa aphunzitsi kapena kwa a za nyama za m'thengo, pakuti kuli munthu kwina amene aiyembekeza.

Koma pali mbalame imodzi imene ife tiidziwa kuposa mlendo aliyense, ndiyo nsadzu, dzina lomwe timalimva pa mtsinje wa Nsadzu ku Chadiza. Akulu amene anafulapo njuci za m'thengo safuna kuuzidwa za iyo. Kambalame kotuwa aka kakaona munthu kamayamba kulongolola ngati bokosi la macisi logwedezedwa, kauluka pang'ono kuonetsa nthenga zoyera za ku mcira, katera, kalongololanso, mpaka munthu atakatsata. Kakafika pa mtengo wa njuci kamasintha kaliridwe nikakhala cete. Munthu amabwera ndi nkhwangwa ndi utsi, zimene mbalame iribe. Mbalame imabwera ndi maso odziwa mphako iriyonse ya m'thengo, amene munthu alibe. Munthu atenga uci, mbalame idya phula ndi ana a njuci. Makolo anali kulangiza kuti wofula asacoke osaisiyira lesa, nanena kuti woimana tsiku lina idzamtsogolera kwa njoka kapena kwa mkango.

Azungu anacedwa kukhulupirira zimenezi, ngakhale kuti wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, anaona kale ku Sofala m'zaka za m'ma 1580 kambalame kolowa m'chalichi kudzadya phula la makandulo. Mu 2016 katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode pamodzi ndi Keith Begg ndi Colleen Begg anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, kumene anayenda ndi Ayao ofula njuci. Ayao ali ndi kaitanidwe kawo, kunjenjemeretsa milomo ndi kutsiriza ndi kubuula, kamene mwana amaphunzira kwa atate wake. Ofufuzawo anajambula mau amenewo ndi mau ena wamba, nayenda m'thengo alikuwaliza. Poliza mau wamba, nsadzu inabwera kudzatsogolera pa maulendo 33 mwa 100 alionse. Poliza kaitanidwe ka Ayao inabwera pa maulendo 66. Mwai wopeza njuci unakwera kucoka pa 17 kufika pa 54 mwa 100. Mu 2023 mai yemweyo ndi Brian Wood anaonetsanso kuti nsadzu za ku Tanzania, kumene Ahadza amaitana ndi likhweru, zimayankha kwambiri likhwerulo kuposa mau a Ayao, pamene za ku Niassa zimayankha kwambiri mau a Ayao. Kunena kwina, mbalameyi imaphunzira ciyankhulo ca anthu a kwawo.

Apa m'pofunika kuganizapo. Ngati nsadzu imaphunzira kwa anthu, ndiye kuti kumene anthu aleka kuiitana ndi kuitsata, nayonso imaleka, ndipo zamveka kale kumaiko ena a mu Africa kuti kutsogolera kwake kukucepa kumene anthu anasiya kufula njuci za m'thengo. M'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi alipo akulu amene adziwa kaitanidwe ka kuno, koma adzukulu awo ambiri adziwa shuga wa m'sitolo. Cinthu cimene aphunzi a ku Cambridge anapitira ku Niassa kukaciyesa ndi makina, ife tiri naco m'kamwa mwa agogo, ndipo palibe wacilemba.

Tisaiyese mngelo mbalameyi. Nsadzu simanga cisa. Imaikira dzira lake m'cisa ca mbalame zina zoswera m'mphako kapena m'maenje, ndipo mwana wake amaswa ali ndi timbedza takuthwa ku mlomo timene amaphera ana a mwini cisa mumdima. Izi zinajambulidwa konkuno ku Zambia, pafupi ndi Choma. Koma taonani kuti zonse zidalira mtengo waukulu wa mphako: njuci zifuna mphako, mbalame zambiri zolera mwana wa nsadzu zifuna mphako, kadzidzi wotithera makoswe m'nkhokwe afunanso mphako. Ndipo mtengo waukulu wotere ndiwo umene woocha malasha amayamba kuuyang'ana.

Sitifuna kunyoza munthu woocha malasha. Caka cimene mvula yakana, monga mu 2024, thumba la malasha loimikidwa pa mseu ndilo limagula ufa ndi yunifomu ya mwana, ndipo ogula ake ndi a m'tauni omwe amene amadandaula za kutha kwa mitengo. Fodya nayenso amadya mitengo ya zigafa ndi nkhuni, ndipo anthu akaculuka minda imakwera phiri. Koma ciwerengero cimene a za nkhalango akhala akuchula kwa zaka zambiri, cakuti Zambia imataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango caka ndi caka, si ca kutali ai. Aliyense wa zaka makumi asanu angaloze pamene panali thengo ali mwana. Cimene ife tiona kuti ciribe cifukwa comveka ndi moto wa mu Seputembala ndi Okutobala. Ife a Kum'mawa sitingakane kuti mbewa ndi ndiwo, ndipo ena amatiseka nazo, koma kutentha phiri lonse cifukwa ca mbewa zodzala m'kambale n'kutaya kwakukulu. Moto wa mocedwa umayaka udzu utauma gwa, umapha mitengo yaing'ono, umathamangitsa njuci, ndipo umadza pa nyengo yomweyo imene lumbe, nkhwali ndi mbalame zina za pansi ziri pafupi kuikira kapena zaikira kale. Moto wa mu Meyi ndi Juni, udzu ukali ndi cinyontho, sufika pamenepo.

Amene afuna kuona kumene njira imeneyi imathera ayang'ane kutsidya kwa malire. Nkhalango ya Dzalanyama ku Malawi, kumene kuli Kaphirintiwa wa m'mbiri ya Acewa ndi magwero a mtsinje wa Lilongwe, ndi malo amene odzaona mbalame amapitako kukafuna mbalame ya m'matanthwe yomweyi pamodzi ndi zina za m'miombo. Malasha anaidya nkhalangoyo kotero kuti mu 2015 boma la Malawi linatumizako asilikali kukailonda. Nkhalango ikafika polondedwa ndi mfuti ndiye kuti eni ake ndi boma analephera kumvana kale-kale.

Njira ina inaonekera m'cigawo cathu comwe cino. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lake m'mphepete mwa Luangwa, kuti alendo azidzaona nyama osazipha, ndipo ndalama zolowa zizipita kwa anthu a mfumuyo. Ambiri pa nthawiyo anaciona ngati cinthu cacilendo, koma lero ana a ku Mfuwe ndiwo amatsogolera alendo m'paki, ndipo ena a iwo amachula mbalame mazana ndi kulira kokha. Anyamata amenewo sanabadwe ndi magalasi m'khosi. Anayamba monga abusa a ku Nyanje, odziwa kumene nkhanga zimamwa ndi mtengo umene nkhulukulu imakonda. Cimene anaonjezapo ndi maina a m'buku ndi Cingerezi coyankhulira ndi mlendo.

Tinene zoona kuti odzaona mbalame sadzadzaza mabasi, ndipo mudzi usayembekeze kulemera nawo ngati mmene a ku Mfuwe apezera ndi njobvu. Amabwera awiri, anai, mwina asanu ndi mmodzi. Koma zofuna zawo n'zocepa: malo oyera omangapo hema, madzi, cimbudzi cabwino, cilolezo ca mfumu, ndi munthu wodziwa phiri amene angawafikitse pa thanthwe loyenera dzuwa lisanakwere. Wina akaiona mbalame imene anadzera amalemba malowo pa intaneti, ndipo anzake amatsata. Ndalama ya tsiku limodzi ya wotsogolera siidula mtengo, ndipo mbalame yomweyo idzaonetsedwanso kwa mlendo wa mawa. Pambali pa izo pali uci. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'cigwa ca Luangwa, lakhala likugawira alimi a Kum'mawa ming'oma yamatabwa ndi kugula uci wawo, umene umagulitsidwa m'masitolo ndi dzina la It's Wild!, ndipo mng'oma wamatabwa susowa kusenda khungwa la mtengo wamoyo monga unali kucitira wa makolo.

Lamulo nalonso linatsegula khomo. Lamulo la Nkhalango la nambala 4 la mu 2015 limalola anthu okhala pafupi ndi nkhalango kupanga gulu lawo loisamala. Gululo, litabvomerezedwa ndi mfumu ya dera, limapempha kwa mkulu wa Dipatimenti ya Nkhalango kuti lizindikiridwe, ndipo likapangana ndi boma limakhala ndi mphamvu zoika malamulo a kadulidwe ndi katenthedwe, ndi kupindula ndi uci, bowa, masuku ndi alendo a m'nkhalangoyo. Maboma a Sinda ndi Vubwi, amene anakhazikitsidwa mu 2012, ali ndi maofesi awo tsopano, kotero kuti anyakwawa safunikanso kuyenda ulendo wa ku Petauke kapena ku Chadiza kukafunsa za zimenezi.

Wofuna kuiona yekha mbalame ya m'matanthwe asadikire mlendo. Akwere phiri m'mawa mu Okutobala kapena Novembala, asiye agalu ndi legeni ku mudzi, asankhe pamene matanthwe aunjikana pansi pa mitengo, akhale pansi osagwedezeka kwa theka la ola. Coyamba kumveka cidzakhala citseko ca dzimbiri cija. Kawiri-kawiri zimayenda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo yoyamba ikadumphira pa thanthwe yaciwiri siikhala patali.